Dzina lako si wilibala yobwelekana mu komboni

Pa pulogilamu yathu ya pa Cinayi madzulo, ija timatsegula mafoni kuti anthu akambe za ndalama na za malonda, panatuma mtsikana wina wa ku Chawama. Amasoka mayunifomu a sukulu, ndipo January ikafika amabweza makasitomala cifukwa makina ali nawo ni amodzi cabe, a mwendo. Anapita ku kampani ina yokongoletsa ndalama kuti atenge nkhongole yogulila makina a malaiti. Anadzaza mafomu, anapeleka fotokope ya reji, anayembekeza. Yankho inabwela yaifupi: dzina lanu lili ku CRB, muli na nkhongole imene simunabweze.

Iye analumbila kuti sanakongolepo olo ngwee imodzi. Anacita kukhala pansi usiku kuti akumbukile. Zaka ziwili zapitazo msuweni wake anafika pa nyumba nkhope ili gwaa, ati mwana adwala. "Sisi, nibwelekeko cabe foni, laini yanga siipatsa loni. Nizabweza pa month end." Anamupatsa foni, anamuuza na PIN. Month end ija mpaka lelo ikalibe kufika. Mameseji okumbutsa anali kubwela, iye anali kuwatumiza kwa msuweni, msuweni anali kuyankha kuti "osada nkhawa, nizasova". Atalema, anataya laini ija n'kugula ina, n'kuganiza kuti nkhani yatha.

Funso imene anatifunsa ndiyo yatilembetsa izi. Anati: "Naona pa TikTok ati ngati akaunti si yako, utuma cabe foni, baifuta pa lipoti yako. Manje ine nitume kuti?"

Mavidiyo amenewo tinawafunafuna ndipo tinawaona. Sanama. Koma akamba za ku America, ndipo akamba za cinthu cimene ambili a ife sitinacigwilepo m'manja. Kumeneko munthu amene ali na credit card angauze banki kuti ilembepo dzina la mwana wake, mkazi wake kapena mnzake, kuti nayenso azigula na kadi imeneyo. Munthu wolembedwayo amachedwa authorized user. Amagula, koma pangano na banki si yake, ndipo nthawi zambili lamulo silimukakamiza kubweza. Wobweza ni mwini kadi. Ngakhale n'telo, mbili ya kadi ija imaonekela pa lipoti yake ku makampani atatu amene amasunga mbili ya nkhongole kumeneko, Equifax, Experian na TransUnion. Mwini kadi akamalipila bwino, mamakisi a wolembedwayo amakwela, ndiye cifukwa cake makolo amalembetsa ana awo akali acicepele. Mwini kadi akayamba kucedwa kulipila, wolembedwayo naye amada nawo. Ndiye mankhwala ake ni osavuta: amatuma ku banki n'kupempha kuti amucotsepo. Akaunti ikapitiliza kuonekela, amadandaula ku makampani atatu aja, ndipo lamulo lawo la mu 1970, Fair Credit Reporting Act, limawapatsa masiku 30 kuti afufuze. Amatha kucoka cifukwa sanali mwini nkhongole kuyambila paciyambi.

Mtsikana wa ku Chawama ni mwini nkhongole. Apa ndiye pamene nkhani ya pa TikTok ithela. Laini inalembetsedwa na reji yake. PIN inali yake. Pa kompyuta ya wokongoletsa palibe dzina la msuweni, palibe mwana wodwala, palibe month end. Pali nambala ya NRC imodzi, ndipo ni yake. Tinamuuza zimenezi pa wailesi, ndipo kunamveka cete wautali mpaka tinaganiza kuti netiweki yaduka.

Tikambeko pang'ono za CRB yeniyeniyo, cifukwa mu komboni imachulidwa monga ciwanda. Ni kampani imene imasonkhanitsa mbili ya mmene anthu amakongolela na kubwezela. Muno mu Zambia nchito imeneyi yakhala ikugwilidwa na TransUnion, imodzimodzi ili ku America ija, ndipo amene amapeleka laisensi na kuyang'anila ni Bank of Zambia. Lamulo lake ni Credit Reporting Act ya mu 2018. Mabanki na makampani okongoletsa amene ali na laisensi amatumiza kumeneko maina a makasitomala awo, obweza bwino na osabweza omwe, ndipo asanakupatse ndalama amayamba ayang'ana. Nkhongole zing'onozing'ono za pa foni nazo zimatha kufika. CRB siimanga munthu, siilanda katundu, ndipo siiletsa banki kukukongoletsa. Imangoonetsa zimene inauzidwa. Koma wokongoletsa akaona nkhongole yosabweza, olo ikhale ya K300, amatseka faelo yako n'kuitana wotsatila pa mzele. Ndipo cimene cimamanga zonsezi pamodzi ni nambala ya reji, ija unatenga uli na zaka 16 ndipo udzakhala nayo mpaka kumanda. Laini ungataye khumi. Reji ni imodzi.

Manje tiyang'ane mmene ife timaicitila reji imeneyi. Timaipeleka monga tikupeleka maches. Mnzako wataya yake, ati nilembetseleko laini, umamulembetsela. Wina afuna kutsegula booth ya mobile money koma mapepa ake sanakwane, umamupatsa ako. Mafotokope a mareji athu ali mbwee m'madilowa a anthu amene anatilonjeza nchito ya ulonda kapena ya mu shopu, nchito imene sinabwele, mafotokope nawo sanabwelele. Ku ofesi ya okongoletsa timapelekeza mlamu, atipatsa peni, "sainani apa monga mboni cabe", timasaina osawelenga, pamene pamwamba pa mzele palembedwa guarantor. Mboni imakamba kuti n'naona. Guarantor amalonjeza kuti uyu akalephela, nizalipila ine. Aphunzitsi na manesi angakuuzeni bwino: mu banja lililonse munthu amene ali na payslip ya boma ni citsime ca onse. Amakongola m'dzina lake kuti mng'ono wake agule minibasi yakale, minibasi imafela pa garaji, ndipo ndalama zimadulidwa pa malipilo mwezi na mwezi, iye akuyenda pansi kupita ku nchito.

Ise tikuti: lekani. Dzina si wilibala. Wilibala ukabweleketsa, imabwela na tayala lophwa, wapompa, yatha. Dzina likabwela loonongeka, ndiwe wekha udzayenda nalo m'maofesi, ndipo amene analiononga adzakhala akudya nsima kwake mwamtendele, dzina lake lili mbee, cifukwa sanalilembe paliponse.

Tidziwa cimene mudzatiyankha, pakuti munatiyankha kale pa foni usiku womwewo. Bambo wina wacikulile anatuma atakwiya. Anati ana a masiku ano mwaphunzila umbombo wa azungu, cibale ni fupa siciola, m'bale wako akabwela akulila ungamufunse za malipoti? Mau amenewa sitiwaseka. Tonse tinakula na ndalama za ena. Ena a ife fizi ya ku koleji inalipilidwa na azakhali amene anali kugulitsa tomato pa Soweto. Malilo mu komboni amayenda na mbale yopeleka, ndipo tsiku lina mbale imeneyo idzayendela ife. Amene akamba kuti aliyense adzionele yekha sanagonepo na njala.

Koma taonani cimene azakhali aja anapeleka. Anapeleka ndalama zimene anali nazo m'citenje. Zitapita zinapita, ndipo iwo anadziwa kukula kwa cimene ataya. Wopeleka dzina sadziwa cimene wapeleka. Wapeleka K300 ya lelo, pamodzi na intelesiti yake, pamodzi na zilango za kucedwa, pamodzi na makina osokela a zaka ziwili kutsogolo, pamodzi na mayunifomu amene akanasoka, pamodzi na mtsikana wina amene akanamulemba nchito yothandiza. Ndipo tifunse mosabisa: cifukwa ciani laini ya msuweni siinali kupatsa loni? Kawili-kawili yankho ni yakuti anakongola kale ndipo sanabweze. Makina anamukana cifukwa amudziwa. Ise timamuvomela cifukwa tiopa kuti adzatinena pa malilo kuti ndise odzikonda. Cibale cimene cimayenda mbali imodzi, wina kupeleka dzina, wina kuzimitsa foni, ni cibale ca mtundu wanji? Ngati fupa siliola, n'cifukwa ciani mabanja ambili amene tidziwa analeka kupatsana moni pa nkhani ya nkhongole yomweyi? Kukana pa tsiku loyamba kukanawawa sabata imodzi. Kuvomela kwawononga zaka.

Thandiza m'bale wako. Ngati uli na K100 imene ungataye osalila, mupatse, ndipo usaiyembekeze. Ngati ulibe, mupelekeze ku cilimba kapena ku village banking kumene anthu amamuona nkhope ndipo adzamulondola yekha. Koma PIN yako ikhale m'mutu mwako. Ndipo ngati wasankha ndithu kukongola m'dzina lako kuti umuthandize, cita zimenezo maso ali gwa, ukudziwa kuti nkhongole ni yako ndipo udzaibweza wekha iye akathawa. Osadzabwela ku wailesi kukamba kuti si yanga.

Pali anthu ena amene sitingawadzudzule motele. Ambuya ku Katete amene sadziwa kuwelenga meseji, foni yawo amawagwilila ni mdzukulu. Amai amene mwamuna wawo amatenga foni usiku osapempha, ndipo kufunsa ni kuitana nkhonya. Awa sanabweleketse dzina, analandidwa. Ndipo apa mlandu ucoka pa ife, upita kwa okongoletsa.

Pakuti nawonso tili nawo mau, ndipo ni aukali kuposa amene takamba kwa anzathu. Kutenga loni pa foni kumatha msanga kuposa kuwilitsa madzi a tiyi. Dinani apa, dinani apa, ndalama zalowa. Malamulo a pangano ali mu Cizungu ca maloya, pa tsamba la pa intaneti limene munthu wa foni ya mabatani sangatsegule. Palibe pamene pamatuluka mau aakulu m'Cinyanja kapena m'Cibemba akuti: mukalephela kubweza, dzina lanu lidzapita ku CRB ndipo mabanki onse adzaona. Anthu amene anakwanitsa kupanga makina odziwa kuti laini iyi ingapatsidwe K300 ndipo iyi K1,000, angalephele bwanji kulemba ciganizo cimodzi m'cinenelo ca kasitomala? Sanalephele. Cenjezo limacepetsa malonda.

Ndipo onani kusiyana kwa liwilo. Kulemba munthu kuti sanabweze, kompyuta imacita yokha. Kukonza mbili ya munthu amene wabweza, pamafunika miyendo. Mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto anatisonyeza malisiti ake: anatsiliza nkhongole yonse, koma patapita miyezi anapeza kuti lipoti ikali kukamba kuti ali na cotsala. Ku kampani imene anakongolako anamuuza kuti apite ku CRB. Kumeneko anamuuza zoona, kuti iwo amalemba zimene atumizilidwa, abwelele kwa amene anatumiza. Atabwelela, amene amasaina kalata anali ku workshop. Tsiku lililonse limene anathela pa benchi ni tsiku limene njinga inaima, ndipo palibe amene anamubwezela mafuta. Kampani imene inalakwa sinataye ciliconse. Ici ndiye cimatipsetsa mtima: colakwa ni ca uyu, mtengo wake alipila ni uyo.

Kwa imwe amene muli m'vuto yotele, lamulo lili kumbali yanu, ndipo muligwilitsile nchito. Credit Reporting Act imakupatsani ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lanu na kutsutsa zimene zili zabodza. Yambani na kupempha lipoti yanu; ambili amene amalila za CRB sanaionepo na maso, amangomva kwa kalaliki. Muone dzina la kampani imene inakulembani, ndalama zake, na deti. Ngati nkhongole munabweza, pitani kwa wokongoletsayo na malisiti kapena mameseji a malipilo, mupemphe kalata yoonetsa kuti munatsiliza, ndipo muwauze kuti akonze zimene anatumiza. Dandaulo lanu likhale lolemba, iwo adinde pa kope yanu. Zokamba pakamwa zimathela pa kauntala. Kope ina ipite ku CRB kuti nawo adziwe kuti mwatsutsa. Ngati ni nkhongole imene wina anatenga na reji yanu imwe osadziwa, imeneyo ni kuba, pitani ku polisi mutenge lipoti, muiphatike pa kalata yanu, olo wakubayo akhale wa m'nyumba. Tidziwa kuti pamenepa ndiye ambili amabwelela m'mbuyo, ndipo sitingakusankhileni. Akakuzungulutsani, Bank of Zambia imalandila madandaulo pa makampani amene inawapatsa laisensi, ndipo kulinso CCPC, bungwe loteteza ogula. Mameseji a malipilo musamafute kuti mupeze malo a mavidiyo.

Koma ngati nkhongole ni yoona, munavomela, ndipo siinabwezedwe, palibe kalata imene idzaisungunula. Njila ni kubweza, kapena kukambilana na wokongoletsa kuti muzibweza pang'onopang'ono. Mukatsiliza, lipoti iyenela kuonetsa kuti munalipila. Mbili yakuti munacedwa ingakhalepobe kwa nthawi, koma munthu amene anacedwa n'kubweza amaoneka mosiyana na amene anathawa.

Apa ndiye pamalowela akambuku ena. Pa Facebook na m'magulu a WhatsApp mwadzala anthu olemba kuti timafuta maina ku CRB, tumizani ndalama, tili na munthu mkati. Ganizani pang'ono. Mbili ija imacokela kwa wokongoletsa, ndipo wokongoletsa amaitumizanso nthawi na nthawi. Olo munthu wa mkati uja akanakhalako, angafute lelo cinthu cimene mwini wake adzalembanso mawa? Cimene adzacita ni kukupemphani ndalama na cithunzi ca reji yanu, kutsogolo na kumbuyo. Mwamupatsa zida zonse zotengela nkhongole ina m'dzina lanu, ndipo mwamulipila pa zimenezo. Munthu wa nkhongole ya K400 kulipila K500 kwa wofuta maina, pamene akanangobweza n'kutsala na cenji!

Ena anatuma kukamba kuti CRB ingothetsedwa, ni cida ca olemela copondeleza osauka. Ife sitivomela. Ganizani za mtsikana wosoka uja. Alibe nyumba ya mapepa, alibe galimoto, alibe cikole ciliconse cimene banki ingagwile. Cuma cimodzi cimene angaonetse ni mbili yakuti akakongola amabweza. Popanda malo osungila mbili imeneyo, amene amapeza nkhongole ni uja ali na pulazi na uja amalume ake adziwana na manija. Otsala tonse tibwelela kwa a kaloba, kumene ukongola K500 n'kubweza K750 pa mwezi, ndipo ukacedwa amabwela kunyamula TV ana akuonelela, kapena amasunga kadi yako ya ku banki na PIN yake. Wa kaloba salemba dzina lako paliponse, zoona. Amalemba pa citseko cako. Buku la maina lingakhale bwenzi la wosauka, malinga likhale loona ndipo likonzedwe msanga likanama.

Ndiye zimene tipempha kwa a Bank of Zambia na kwa okongoletsa si zambili. Cenjezo la CRB lizituluka pa foni m'cinenelo cimene munthu wasankha, asanadine batani lothela. Munthu asalembedwe kuti walephela kubweza asanauzidwe momveka kuti tsiku lakuti tikutumiza dzina lako. Guarantor aziuzidwa pa mwezi woyamba umene mwini nkhongole waphonya, osati pamene ndalama zaunjikana ndipo mwini wake wasamukila ku Solwezi. Kampani imene yalandila malipilo othela izikonza mbili yokha, pa masiku odziwika, ndipo ikacedwa izilipila kasitomala, cifukwa cilango cikakhala mbali imodzi palibe amene amathamanga. Ndipo pakhale njila yoonela lipoti na kudandaula pa foni ya mabatani, pakuti munthu wa ku Lundazi sangakwele basi kubwela ku Lusaka kudzatsutsa K200. Ngati munapeza njila yomufikila kumudzi na loni, njila yomweyo ingamufikile na lipoti yake.

Na ise a pa wailesi tili na mlandu wathu. Takhala tikuulutsa malonda a nkhongole zamsanga, nyimbo yake yokoma, mau othamanga kumapeto amene palibe amawamva, ndipo pulogilamu yofotokoza CRB tinaicita koyamba mtsikana uja atatuma. Malonda amalipila malaiti a situdiyo, sitikana. Koma tinacedwa.

Mtsikana wa ku Chawama anatumanso sabata yatha. Anapita kukatenga lipoti yake, ndipo anaona nkhongole ija na maso ake, itakula kuposa mmene inalili. Anapita kwa msuweni na pepa m'manja. Msuweni anati zinthu zikali zolimba, ndipo anadabwa kuti sisi angasunge kanthu kang'ono conco mumtima zaka ziwili. Amai ake anamupempha kuti asaipitilize, ni banja. Iye wasankha kubweza yekha, K100 pa sabata, kucokela pa ndalama zimene anali kusungila makina. Akatsiliza adzapempha kalata, ndipo tamulonjeza kuti ngati adzamuzungulutsa, tidzawelenga pa wailesi masiku amene wayembekeza, Cinayi ciliconse, mpaka atamupatsa. January ya caka cino wasoka na makina a mwendo.